Lipoti la ntchito: kuchotsa chimbuuzi pa chithunzi cha pa chiliza pogwiritsa ntchito PSF

Ntchito iyi inali yokonza chithunzi chimodzi cha mayi wachikulire amene anamwalira ku Thyolo, kuti chiwotchedwe pa kambale ka seramiki komata pa chiliza. Anabwera nacho ndi mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ine ndimakonza ndi kusindikiza zithunzi pa kashopu ku Yeoville, ndipo ambiri ofika kwa ine ndi akumudzi amene tili nawo ku Joni kuno. Ndalemba lipotili chifukwa zithunzi za mtundu uwu zikuchuluka, ndipo njira imene ambiri akuithamangira, ya ma app okongoletsa nkhope, ikuika anthu achilendo pa manda a makolo athu. Ilipo njira ina, yochedwerapo, yomwe imabweza zimene kamera inaonadi.

Zomwe zinabwera

Achemwaliwo anafika ndi zithunzi ziwiri m'foni. Choyamba chinajambulidwa m'tchalitchi usiku wa pa 31 December, pa mapemphero otsazikana ndi chaka. Mayi ali pa benchi, duku loyera kumutu, magalasi m'maso, dzanja lamanja lili m'mwamba. Chinali chachimbuuzi kwambiri: maso, mphuno ndi milomo zonse zokokeka kupita kumanja, kenaka n'kukhotera pansi. Chachiwiri chinali chomwecho, koma chitadutsa mu app ina imene mlongo wawo wa ku Cape Town anagwiritsa ntchito. Chimenechi chinali chowala bwino, nsidze zowerengeka, khungu losalala see.

"Achimwene, awa ndi okongola ndithu, koma si amayi anga," anatero.

Zithunzi zina zonse za malemuwo zinapita ndi madzi pamene nyumba inagwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Choncho panalibe chosankha.

Funso langa loyamba pa ntchito yotere silisintha: fayilo yeniyeni ili kuti? Imene inali m'foni ya achemwaliwo inali itadutsa pa WhatsApp, ma pixel 1600 m'litali ndi 1200 m'lifupi, yopanikizidwa kachiwiri, komanso yopanda uthenga wa EXIF wonena momwe kamera inajambulira. Mwamwayi mdzukulu amene anajambula anali adakali ndi foni yomweyo ku Luchenza. Tinamuimbira n'kumuuza kuti atumize chithunzicho ngati document, osati ngati chithunzi wamba. Chinafika cha ma pixel 4160 kwa 3120, ndipo EXIF inati diso la kamera linakhala chitsegukire kwa 1/4 ya sekondi, pa ISO 1600, kutanthauza kuti kamera inakweza mphamvu yake yoona mu mdima. Kota ya sekondi ndi nthawi yaitali kwa foni yogwiridwa pamanja, makamaka wojambulayo akuimba nawo nyimbo. Pakanapanda fayilo imeneyi, ntchitoyi ndikanaikana.

Chimbuuzi chili ndi mawonekedwe ake

Tonse tinazunguzapo chikuni cha moto usiku tili ana. Khala la kunsonga ndi kadontho kamodzi, koma maso amaona mzere wamoto wotsata momwe dzanja layendera. Kamera ikagwedezeka pamene diso lake lili lotsegula, kadontho kalikonse ka m'chithunzi kamalemba mzere wotero, ndipo timadontho tonse timalemba mzere wofanana chifukwa dzanja logwedezalo ndi limodzi. Chithunzi cha kadontho kamodzi ka kuwala, momwe kamera yakamwazira, ndicho amachitcha point spread function, mwachidule PSF. M'lipoti muno ndizingoti PSF kapena kanjira.

Mfundo yaikulu ili apa: kuwala kwa nkhope ya mayiwo sikunatayike. Kunamwazika, ndipo kunamwazika motsata lamulo limodzi. Chithunzi chachimbuuzi ndi chithunzi chabwino chimene kadontho kake kalikonse kalowedwa m'malo ndi kanjira, tinjira tonseto n'kuphatikizidwa, pamwamba pake n'kuwonjezerapo noise, timawangamawanga tochokera mu sensa ya kamera. Ukadziwa kanjirako, masamu angathe kusonkhanitsa kuwala kuja n'kukubwezera pamalo pake. Ntchito yobwezayi ndiyo deconvolution.

PSF imasiyana malinga ndi chimene chinalakwika. Kamera ikalephera kulunjika, kadontho kamasanduka kabwalo kodzaza. Galimoto ikadutsa, kamasanduka mzere wowongoka. Ngakhale lens yabwino chotani ili ndi PSF yake, kabwalo kakang'ono kozunguliridwa ndi timikombero tozimiririka, zomwe George Airy anazifotokoza m'chaka cha 1835. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti kanjira kokhotakhota ka dzanja lonjenjemera nthawi zambiri kamakonzeka bwino kuposa kabwalo kapena mzere wowongoka wa liwiro limodzi. Ziwiri zinazi zimafafaniziratu mizere ya kukula kwina, yoti sungaibwezenso ngakhale utachita masamu otani, pomwe kanjira kosalongosoka kamasiyako kanthu ka pafupifupi chilichonse.

Amene anaikulitsa njirayi ndi akatswiri a nyenyezi, chifukwa iwo PSF amaipeza yaulere: nyenyezi iliyonse ndi kadontho. Telesikopu ya Hubble itatumizidwa mumlengalenga mu April 1990, zinapezeka kuti galasi lake lalikulu linasemedwa molakwika ndi ma micrometre pafupifupi awiri m'mphepete, ndipo nyenyezi zonse zinkatuluka zili ndi chifunga kuzungulira. Kufikira pomwe anakaikonza mu December 1993, zithunzi zake zambiri ankaziwongola ndi masamu omwewa. Ngakhale MeerKAT, telesikopu ya mafunde a wailesi ya ku Northern Cape kuno ku South Africa, yomwe inatsegulidwa mu 2018 ndi madishi 64, zithunzi zake zimayamba zadutsa mu deconvolution, kudzera m'njira zochokera ku CLEAN imene Jan Högbom anaifalitsa mu 1974. Ife a m'mashopu tikungobwereka zida zawo.

Kusaka kanjira

M'tchalitchi mulibe nyenyezi, koma usiku wa chikondwerero mumakhala timagetsi. Kuseri kwa mayiwo, pakhoma, panali chingwe cha timagetsi ta Khirisimasi, ndipo nditakulitsa chithunzicho kalikonse kanali kanjira kooneka bwino: kuyamba mowala kumanzere, kuyenda chopingasa ma pixel pafupifupi 30, kukhotera pansi ma pixel 12, n'kuthera pa kamfundo kowala pomwe dzanja linaima pang'ono. Dzanja la mdzukulu uja linali litadzilemba lokha m'chithunzimo kambirimbiri.

Komabe timagetsito sindinatitenge ngati PSF, pa zifukwa zitatu zimene aliyense wochita ntchitoyi adzakumana nazo. Tambiri tinali towala mopitirira, pa 255, nambala yomaliza ya kuwala mu fayilo (mdima ndi 0), pomwe sensa imalekera kuwerenga. Kanjira sikangofuna mawonekedwe okha, kamafunanso kulemera kwa mbali iliyonse: pomwe dzanja linayenda pang'onopang'ono pamawala kwambiri, pomwe linathamanga pamazilala. Zonse zikafika pa 255, kulemerako kwatayika. Chachiwiri, timagetsi totere timathimathima, moti tina tinalemba theka la ulendo wokha. Chachitatu, khomalo linali kutali ndi pomwe kamera inalunjika, choncho tinjira take tinali tonenepa ndi chimbuuzi china chimene pankhope panalibe.

Kanjira kabwino ndinakapeza pa magalasi a mayiwo. Pa kachitsulo kolumikiza mwendo wa magalasi, chakukhutu lamanzere, panali kung'anima kwa babu la kudenga. Kanali kakang'ono, kosafika pa 255, kopanda kudukiza, ndipo kali pa mtunda womwewo ndi nkhope, kuseri kwake kuli mthunzi wa duku. Ndinadula kabokosi ka ma pixel 51 kwa 51, ndinachotsa mdima wa kuseri kuti ukhale ziro, ndipo ndinachepetsa manambala onse kuti akaphatikizidwa akwane 1. Izi zimatsimikiza kuti kuwala kwa chithunzi chonse sikuwonjezeka kapena kuchepa. Kung'anima kwa pa chitsulo sikadontho kenikeni, kali ndi kukula kwake, ndiye kanjira kochokera pamenepo kamanenepa pang'ono. Ndinakawondetsa m'mbali, chifukwa PSF yonenepa kuposa yeniyeni imabala mizere yabodza kuzungulira chilichonse.

Timagetsi ta pakhoma tinathandizabe pa funso lina. Foni ikagwedezeka chokweza, chotsitsa kapena cham'mbali, kanjira kamafanana pafupifupi paliponse. Koma ikapotoka ngati chiwongolero, tinjira ta kumanzere timapendekera kwina, ta kumanja kwinanso, ndipo PSF imodzi siingakwanire chithunzi chonse. Nditayerekeza ta kumakona awiri a m'mwamba, ndinaona kuti kupotokako kunalipo koma kochepa. Popeza chofunika chinali mutu ndi mapewa okha, kachigawo ka ma pixel 700 kwa 930, PSF ya pa magalasi inakwanira.

Kubweza kuwala

Pali sitepe imodzi imene ambiri amaidumpha, kenaka n'kumati njirayi siigwira. Manambala a mu JPEG sayenda mofanana ndi kuchuluka kwa kuwala. Pixel ya 128, yomwe ili pakati pa 0 ndi 255, ikuimira pafupifupi 22 peresenti yokha ya kuwala kwa 255. Koma kumwazika kuja kunachitika ndi kuwala kwenikweni, pa sensa, manambala asanapindidwe. Choncho ndinayamba ndasintha chithunzicho kuchoka ku sRGB, kalembedwe kopindika kameneka, kupita ku manambala owongoka, a 32-bit (osunga kuwala mwatsatanetsatane), ndipo ndinazibwezera ku sRGB kumapeto kwenikweni. Pankhope yakuda yoyandikana ndi duku loyera, kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Ndinagwiritsa ntchito Python ndi scikit-image, zida za pa kompyuta zochitira masamuwa, zomwe ndi zaulere. Ndinayamba ndi fyuluta ya Wiener, yotchedwa dzina la Norbert Wiener amene anaikonza m'zaka za m'ma 1940. Imagwira kamodzi n'kamodzi, m'kanthawi kochepa, ndipo ili ndi kachowongolera kamodzi konena kuti noise ndi yochuluka bwanji. Ine ndimaigwiritsa ntchito poyesa PSF basi. Kanjira kakakhala kolakwika, chithunzi chimadzaza ndi mizukwa ya m'mphepete mwa zinthu nthawi yomweyo. Apa felemu ya magalasi inabwerera kukhala mzere umodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndili panjira.

Ntchito yeniyeni inachitika ndi njira ya Richardson-Lucy, imene William Richardson anaifalitsa mu 1972 ndipo Leon Lucy anaipezanso payekha mu 1974. Maganizo ake ndi osavuta. Umayamba ndi chithunzi chongoyerekeza. Umachimwaza dala ndi PSF ija, n'kuchifanizira ndi chimene kamera inajambula. Pomwe chako chada mopitirira, umawonjezera kuwala pa timadontho timene tinayenera kupereka kuwala pamenepo. Pomwe chawala mopitirira, umachepetsa. Kenaka umabwereza. Ubwino wake ndi woti siitulutsa kuwala kochepera ziro, ndiye m'malo a mdima simuwonongeka msanga.

Luso lili pa kudziwa poimira. Pa maulendo 10 nkhope inali idakali yofewa. Chapakati pa 30 ndi 40 milomo inapatukana, mphuno inakhala ndi malire, ndipo diso lamanzere linatuluka ndi kadontho kake kowala. Kupitirira 80, masamu anayamba kutenga noise ngati kuti ndi mbali ya nkhope, ndipo khungu linachita mawanga. Timabokosi ta JPEG ta ma pixel 8 kwa 8 tinayambanso kuonekera pachipumi. Ndinaimira pa 35. Pa ISO 1600, komanso foni itasalaza kale chithunzicho m'kati mwake isanachisunge, palibe choposa pamenepo chimene chinali choona.

Duku linavuta. Mbali yake yoyang'ana babu inali pa 255, ndipo malo otere amanamiza masamu: kuwala kwenikweni mwina kunali kowirikiza, koma fayilo ikuti 255 basi. Zotsatira zake zinali mafunde, mizere yakuda ndi yoyera yosinthana, yotsika kuchokera m'mphepete mwa duku kulowa pachipumi. Ndinaphimba ma pixel odzadzawo ndi mask kuti asawerengedwe poyerekeza, ndipo mafundewo anachepa kwambiri. M'mphepete mwa kachigawo kodulidwa namonso mumabadwa mafunde, chifukwa masamu sadziwa chimene chili kunja. Mankhwala ake ndi kugwira ntchito pa chigawo chokulirapo, n'kudula pomaliza. Za mtundu ndinazisiya zofewa: JPEG ya foni imasunga mtundu mwachidule kusiyana ndi kuwala, ndipo kuukakamiza kumangobala madontho ofiira ndi obiriwira pakhungu.

Ndingadziwe bwanji kuti si zopeka

Funso ili ndimaliona lalikulu kuposa onse, chifukwa chithunzi chowala bwino chimakopa maso ngakhale chili chabodza. Ndinachita mayeso atatu. Ndinatenga chotsatiracho n'kuchimwazanso ndi PSF ija, ndipo chinafanana ndi choyambirira, chotsala chinali noise yokha, kupatula pa duku. Ndinayendetsa masamu omwewo pa khoma, ndipo tinjira ta timagetsi tosathima tinafupika n'kukhala timadontho, komanso mawu a pa nsalu yopachikidwa kutsogolo, amene poyamba sankawerengeka, anawerengeka. Masamu sadziwa Chichewa. Ngati zilembo zatuluka zolondola, ndiye kuti kuwala kwabwereradi pamalo pake.

Mayeso achitatu anali a achemwali aja. Ndisanawaonetse kalikonse ndinawafunsa ngati mayi anali ndi chizindikiro pankhope. Anati anali ndi mphini ziwiri pambali pa diso lamanzere, zotemedwa ali mtsikana, komanso mpata pakati pa mano a kutsogolo. Nditatsegula chithunzicho, mphini ziwirizo zinalipo, timizere takuda tifupitifupi topingasa, pansi pa mwendo wa magalasi. Zinapulumuka chifukwa zinagona motsata mbali yaitali ya kanjira, choncho kugwedezeka kunazikoka m'litali mwake osazifafaniza. Mpata wa mano, womwe ndi woimirira, unadulidwa chopingasa ndi ulendo wonse wa ma pixel 30, ndipo unabwerera ngati kamthunzi chabe. Achemwaliwo anakhala chete nthawi ndithu, kenaka analoza pa sikirini n'kunena kuti, "Ndi iwowa, mpaka kapendekedwe ka pakamwa."

Pa chithunzi cha app chija mphinizo kunalibe. Mano anali ofanana ngati oikirira, mphuno yowonda, khungu loyererako, ndipo mayi wa zaka za m'ma 70 ankaoneka wa zaka 50. Sikuti app inali yoonongeka. Inachita chomwe inapangidwira. Ma app otere sayeza PSF. Anaphunzitsidwa ndi nkhope za anthu miyandamiyanda, ndipo akapatsidwa chimbuuzi amajambula nkhope yatsopano yogwirizana ndi chimbuuzicho, kudzaza mipata ndi zimene anazolowera kuona. Mu June 2020 nkhani inamveka dziko lonse pamene wina anaika chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama mu PULSE, pulogalamu ya akatswiri a ku Duke University, ndipo inatulutsa nkhope ya mzungu. Zida zasintha kuyambira nthawi imeneyo, koma kagwiridwe kake ndi komweko: chimene sichinachuluke m'zithunzi zophunzitsira chimaonedwa ngati chilema chofunika kuchotsa. Mphini za agogo athu zili m'gulu limenelo. Ndipo chithunzi cha pa chiliza chimakhala zaka makumi ambiri. Adzukulu amene sanawaonepo adzawadziwa ndi nkhope imeneyo.

Zomwe sizinatheke, ndi zomwe banja linasankha

Dzanja lamanja silinakonzeke. Mayiwo ankaligwedeza poimba, choncho linali ndi ulendo wakewake pamwamba pa wa kamera, ndipo PSF ya pa magalasi siikhudza ulendo umenewo. Linadulidwa kunja kwa chithunzi. Makwinya a duku mbali yowala anatayikiratu. Diso lamanja linali kuseri kwa kunyezimira kwa galasi, ndipo theka lake kamera siinalione n'komwe.

Pa disoli panali kukambirana. Mlongo wawo wa ku Cape Town, pa foni, ankafuna kuti nditenge diso la pa chithunzi cha app n'kulimata pamenepo, kapena nditembenuze lamanzere likhale lamanja. Zonsezi n'zotheka m'mphindi zochepa, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake: palibe amene amafuna kuti mayi ake aoneke operewera pamaso pa mudzi wonse tsiku la chiliza. Ndinawauza kuti, "Akulu, ngati banja ligwirizana ndichita, koma mudziwe kuti diso limenelo likhala langa, osati la amayi." Nkhaniyi inapita kwa atsibweni awo ku Thyolo, amene anati kunyezimirako kusiyidwe, chifukwa magalasiwo aliyense ankawadziwa nawo. Ndinangochepetsa kuwala kwake pang'ono kuti kusakoke maso.

Kukula kwa kambale ndinakusankha motsata ma pixel amene tinali nawo. Ma pixel 700 pa masentimita 9 ndi pafupifupi 200 pa inchi, zokwanira chithunzi choonedwa munthu ataima pafupi ndi manda. Banja linkafuna ka masentimita 13 kwa 18, koma pamenepo kufewa kotsala kukanaonekera, ndiye tinagwirizana pa kozungulira ka 9 kwa 12. Ndinatulutsa kaye pa pepala, pa kukula komweko, kuti achemwaliwo avomereze asanapite nacho kwa owotcha seramiki, popeza chikatuluka mu uvuni sichisinthikanso. Kambaleko kanakulungidwa bwino n'kupita ndi matransipota, njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza.

M'envulopu ndinaikamo kakalata ka banja konena zomwe zinachitika pa chithunzicho: kuti nkhope yonse yachokera mu fayilo ya mdzukulu popanda kuwonjezerapo kanthu kochokera kwa munthu wina, kuti dzanja ladulidwa, kuti anthu a kuseri adetsedwa, komanso kuti mbali yoyera ya duku yapakidwa ndi manja kuti isaoneke yobooka. Fayilo yoyambirira, PSF ndi chotsatira cha 32-bit ndazisunga pamodzi. Mdzukulu uja akuti usiku womwewo anajambula zithunzi zina ziwiri motsatizana, zomwe anazisamutsira pa memory card imene akuisakabe. Zikapezeka, chilichonse chidzakhala ndi kanjira kakekake, ndipo zithunzi zogwedezeka mosiyana zikaphatikizidwa m'masamu amodzi, chimene chinafafanizika m'chimodzi chimapezeka m'chinzake. Mpata wa mano uja ungathe kubwerera mwa njira imeneyo, ndipo tagwirizana kuti zikatero tidzasindikiza chithunzi chachikulu cha pabalaza.